Kamwala Kamene Kanafuula pa Lamulungu la Kanjedza

MUTU 7

Moni kwa inu owerenga, ana asukulu pamodzi ndi aphunzitsi anu. Tiyamike Mulungu amene watisunga ndi mpweya mpaka tafika pa mutu uno. Iye amene anaumba khosi ndi lilime atitsegule makutu, pakuti nkhani yathu lero ndi ya liwu.

1. Khosi la a Gnanadurai

Ku Palayamkottai, Lamulungu la Kanjedza silidutsa mwakachetechete. Mpingo umatuluka m'tchalitchi m'mawa, aliyense tsamba lanthete la kokonati m'manja, n'kuzungulira misewu ukuyimba. Munthu mmodzi amaponya mzere wa nyimbo, ena onse n'kuvomera.

Woponya mzereyo anali a Gnanadurai, telala wa mumsewu wa kuchitsime. Anayamba ntchitoyi mwana wawo Jebaseeli asanabadwe. Koma chaka chimenecho, Khirisimasi itangopita, madokotala anawachotsa chotupa pakhosi. Moyo unatsala, liwu linapita. Akayankhula, munthu amachita kusendeza khutu pakamwa pawo.

Akuluakulu a mpingo sanafune kuwakhumudwitsa, koma ananena poyera. Ngati a Gnanadurai samveka, ulendo wa chaka chino utsogoleredwa ndi nyimbo zojambula. Ngolo ya zimkuzamawu inalipo kale. Mwini wake anali Ponraj, mwana wa akulu awo a a Gnanadurai, amene ankaliza nyimbo m'maukwati.

Jebaseeli, amene onse amangoti Seeli, anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kusukulu anali atalumikizapo kawailesi kake n'kulira. Anamva nkhaniyi akudya, ndipo anasiya mpunga m'mbale.

"Appa, muponya ndinu," anatero kwa bambo ake. "Ndikupangirani kabokosi komanga m'chiuno. Inu muzinong'ona, iko kazikweza."

A Gnanadurai anamwetulira n'kunong'ona kuti, "Dokotala anati ndisanyamule zolemera."

"Sikalemera. Ndikaika m'chitini chanu chakale chonyamuliramo chakudya chija."

Mayi ake, a Packiam, anamuyang'ana cham'mbali. "Lonjezo n'lopepuka pakamwa, mwanawe. Lero ndi Lachinayi. Komanso Lolemba uli ndi mayeso, usaiwale."

2. Chenjezo la a Kader Bhai

Lachisanu ataweruka kusukulu, Seeli anakwera basi kupita kwa a Kader Mohideen. Anthu amawatchula kuti a Kader Bhai. Anali Msilamu wa ndevu zoyera, ndipo kasitolo kawo kanali kodzaza ndi mawaya, masipika ndi timadirowa tosawerengeka. Pabenchi la pakhomo panali Ponraj, akudikira waya wake uku akumwa tiyi.

"Ehee, injiniya wa m'banja mwathu uja wafika!" anafuula Ponraj. "Bhai, bisani zida, tipsa tonse."

"Achimwene, tiyi akuzizira. Pakamwapo pagwire ntchito imodzi," anayankha Seeli.

Mayiki ndi kagawo kake anali nazo kale. Chimene chimasowa ndi chipu chokweza mawu. Anafotokoza zonse, kenaka analoza chipu chachikulu chokhala ndi chitsulo kumsana. "Ndikufuna icho, Bhai. Msewu wonse uwamve Appa."

A Kader Bhai sanachitenge. Anatsegula kadirowa kena n'kuika pachikhatho chake kathabwa kobiriwira, kochepa ngati sitampa. Pakati pake panali kachipu kakuda.

Ponraj anatsamwa ndi tiyi. "Kamenekako? Nkhuku ikangokaona, yatola!"

"Iwe tamwa tiyi," anatero a Bhai. Kenaka anatembenukira kwa Seeli. "Tamvera, mwanawe. Chipu sasankha poona kukula kwake. Uyambe wafunsa kuti anyamule ndani, ayenda mtunda wotani, ndipo chidya chiyani. Chachikulucho chimafuna batire la njinga yamoto. Chimadya ngakhale palibe amene akuyankhula, ndipo chakudya chambiri chimangosanduka kutentha. N'chifukwa chake chabereka chitsulo kumsana, kuti chizizizira. Bambo ako akanyamula zonsezo, sakafika ngakhale pachitsime. Aka n'kosamala, ngati mayi wodziwa kusunga gasi. Kamayatsa ndi kuzimitsa moto mofulumira kwambiri, sikataya kanthu, sikatentha. Timabatire tinayi ta tochi, totchaja tija, tikakwana ulendo wonse. Ukaike totchaja tokha. Ukakapatsa moto woposa pamenepo kakafa ndi kukhuta."

Seeli anagwedeza mutu, koma maso ake anali adakali pa chipu chachikulu chija.

"Tsono pali chinthu chimodzi, ndipo uchimve bwino," anapitiriza a Bhai. "Chipu chakale chimene munaphunzira kusukulu chimakankha sipika ndi dzanja limodzi. Waya wakuda wa sipika mumangomulumikiza kuchitsulo cha bokosi, pamodzi ndi wakuda wa batire, basi. Aka sikatero. Kamagwira sipika ndi manja awiri, lina likukankha, lina likukoka, ngati anthu awiri ocheka thabwa ndi sowo imodzi. Mawaya onse awiri a sipika ali ndi moto. Usalumikize wakuda kuchitsulo. Ukaika masipika awiri, usamange akuda awo pamodzi. Ukatero wakamanga dzanja, ndipo kalimbana kokha mpaka kupsa. Wamva?"

"Ndamva, Bhai," anatero Seeli. Pamenepo n'kuti basi yake ikuliza hutala pakona, phazi limodzi lili kale kunja.

3. Utsi pakhonde

Loweruka m'mawa a Packiam ndi amayi anzawo anakhala pabwalo, akuluka timitanda ta masamba a kokonati. A Gnanadurai anali pa makina awo, akumaliza malaya oyera a mwana wa ubatizo. Seeli anayala nyuzipepala pakhonde n'kutenthetsa chowotcherera mawaya.

Anaboola chitini cha bambo ake mbali ziwiri. Sipika imodzi anaiona kuchepa, ndiye anaika awiri, kuti mawu achuluke. Manja ake anayenda mofulumira, ndipo anayenda njira imene anazolowera kusukulu. Anapota mawaya awiri akuda a masipika pamodzi ndi wa batire n'kuwamanga ndi kabauti kuchitini. Zinaoneka zaudongo zedi.

"Appa, bwerani mudzayese!"

A Gnanadurai anavala mayiki. Amayi aja anaimitsa manja. Seeli anayatsa.

Panamveka kuti thu! Kenaka kautsi kanatuluka m'chitini, ndi fungo ngati la tsitsi lopserera. Seeli anazimitsa msanga, koma pamsana pa kachipu panali patatupa kale.

Nthawi yomweyo Ponraj anatulukira pa njinga yamoto, atabweretsa masamba ena. Ananunkhiza m'mwamba. "Kodi mwawotcha chiyani, nsomba youma? Aa, ndi injiniya!" Atasuzumira m'chitini anasiya kuseka. "Pepa, Seeli. Koma dikira, ine ndili ndi chenicheni."

Anamasula chokuzira mawu chake chachikulu, n'kuchilumikiza ku batire la njinga ndi ku chimkuzamawu chimodzi. "Mawa ndizikukankhirani pangolo kumbuyo kwanu, bambo aang'ono. Tayankhulani."

Asanatsegule n'komwe pakamwa, chinthucho chinalira kuti kwiiii! Mbuzi ya oyandikana nawo inadula chingwe. Ponraj anachepetsa pang'ono. A Gnanadurai ananong'ona mzere woyamba wa nyimbo, ndipo chimkuzamawu chinauponya mumsewu wonse. Sikunali kuyimba. Kunali ngati sowo yobuntha pa mtengo wouma. Kupuma kulikonse kunamveka, ngakhale kumeza malovu. Ana amene anakwera pampanda anaphulika ndi kuseka, wina n'kuyamba kuyeserera.

A Gnanadurai anavula mayiki pang'onopang'ono, naiika pa nyuzipepala. Anabwerera pa makina awo. Posakhalitsa phazi lawo linayambanso kupalasa.

A Packiam anamukokera Seeli pambali. "Mwana wanga, kuthandiza munthu sikumuimika pamsika. Bambo ako apirira mpeni wa dokotala osadandaula. Usiku amadzuka n'kumayesa nyimbo chamumtima, milomo yokha ikuyenda, akuganiza kuti ine ndagona. Munthu wotero sasowa phokoso. Ngati zakukanika, nena kuti zandikanika, Mulungu sadzakudzudzula. Koma usawaseketsenso kwa ana a pampanda."

"Zisiye, Seeli," anatero Ponraj motsitsa mawu. "Nyimbo zojambula zilipo, zoyimbidwa ndi akatswiri. Bambo aang'ono aziyenda patsogolo, anthu awalemekezabe. Komanso ukabwerera kwa Bhai ukanena chiyani? Anakuchenjeza ine ndili pomwepo."

Seeli anayang'ana msana wa bambo ake pa makina paja. Anamasula kathabwa kopserera, n'kukakulunga m'kapepala. Anatenga chitini, napita kukadikira basi.

4. Mzere wachisanu

A Kader Bhai analandira kapepalako, nakanunkhiza asanakatsegule.

"Waya wakuda?"

"Kuchitini, Bhai. Onse awiri. Munandiuza, koma ndinamva ndi khutu limodzi."

"Lina linali pa basi, ndinaliona." Anaseka mpaka ndevu kugwedera. "Chabwino, wabwera nako wekha, sunanene kuti ndinakugulitsa chakufa. Khala apa. Lero uwotcherera ine ndikuona."

Anamupatsa kathabwa kena. Nthawi ino Seeli anaika sipika imodzi yokha. Mawaya ake awiri anawatenga molunjika kuchokera pa kathabwa, n'kuwakulunga ndi tepi kuti asakhudze chitini. Pafupi ndi polowera moto anaikapo kapasita, kankhokwe kakang'ono kothandiza kuti mawu asadukize batire likatopa. Sipika anailozetsa kutsogolo, kutali ndi mayiki, kuti isalirenso ngati ya Ponraj.

A Bhai anavala mayiki n'kunong'ona kuti, "Tiyi awiri, shuga pang'ono."

Mawuwo anatuluka oyera, ofewa, ngati a munthu wocheza ndi mnzake. Wogulitsa tiyi pafupi ndi khomo anadzutsa mutu n'kukweza dzanja. Koma wogulitsa nthochi, amene anali patsogolo pang'ono, sanatembenuke n'komwe.

Nkhope ya Seeli inagwa. "Bhai, mpingo ukatuluka umadzaza msewu, kuchokera kutchalitchi mpaka kuchitsime. Aka kafika pa tiyi pokha. Akumbuyo amva bwanji?"

"Kodi ukuganiza kuti akumbuyo ankawamva bambo ako kale?" anafunsa a Bhai. "Iwe umayenda m'kati, sungadziwe. Ine ndimaima kunja. Nyumba ya mlongo wanga ili mumsewu wanu, ndipo ulendo wanuwo ndauonera zaka zambiri. Ngakhale khosi lawo lili lamphamvu, a Gnanadurai ankamveka kwa anthu owazungulira okha. Amenewo akalandira mzere, otsatira amautola kwa iwo, kenaka enanso. Nyimbo imayenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo ngati mphepo m'munda wa mpunga. Ifenso kumzikiti tinali ndi njira yomweyo zimkuzamawu zisanabwere. Wotsogolera mapemphero akanena mawu, munthu wina wa mumzere wachisanu amawabwereza mokweza kuti akumbuyo adziwe pogwada. Malemu bambo anga anali munthu ameneyo, ndipo ankati ndi ulemu waukulu. Koma ukaika chiphokoso patsogolo, anthu amatseka pakamwa. Amati, nanga ine ndiyimbirenji, poti chitsulo chikuyimba kale? Chipu chachikulu chikanakupatsa msewu wodzaza mawu ndi mpingo wosalankhula. Bambo ako sakusowa msewu wonse, mwanawe. Akusowa mzere wachisanu."

Seeli anatembenuzatembenuza kathabwa kopserera kaja m'zala.

"Bhai, m'kati mwa kakudaka muli chiyani kwenikweni?"

"Kamwala. Amatenga mchenga, amauyeretsa, amausungunula, n'kuusema timizere tosaoneka ndi maso. Basi. Ndi mwala wophunzitsidwa kumvera." Anatsegulanso kadirowa n'kumufumbatitsa kathabwa kachitatu. "Aka sunga. Mawa ndikupita kwa mwana wanga ku Kayalpattinam, sitolo ikhala yotseka sabata yonse. Ukawotchanso usakagogode pa chitseko cha eni."

Pobwerera Seeli sanapite kunyumba kaye. Anatsikira kutchalitchi, kumene atsikana akwaya amakongoletsa zipilala ndi masamba. Anayankhula nawo, kenaka anadutsa kwa amayi oluka timitanda aja.

5. Ulendo

Lamulungu m'mawa mpingo unasonkhana pabwalo, zovala zoyera mbuu, masamba ali m'mwamba. Ngolo ya Ponraj inaima pafupi ndi chipata, zimkuzamawu ziwiri zitayang'ana kumwamba. Mkulu wa mpingo anauza Ponraj kuti, "Tikafika pakona osamveka kanthu, uyatse."

Seeli anamanga chitini m'chiuno mwa bambo ake. Iwo anachiyeza ndi dzanja n'kunong'ona kuti, "Chapepuka kuposa mmene chinkakhalira ndi mpunga."

Atsikana akwaya anawazungulira. Kumbuyo kwawo kunaima a Packiam ndi amayi anzawo. Ena Seeli anawamwaza m'kati mwa gulu, wina apa, wina apo. Belu linalira. Seeli anayatsa.

A Gnanadurai anakoka mpweya. Liwu linatuluka m'chitini, losasa pang'ono, koma lawo lenileni: "Yalani nsalu m'njira, wadza Wofatsa pa bulu."

Atsikana anayang'anana. Ena misozi inali italengeza, ndipo palibe amene anatsegula pakamwa. Pachipata, chala cha Ponraj chinasendera pa batani.

Seeli sanali wakwaya. Kusukulu ankamunena kuti akayimba akhwangwala amasamuka. Koma anakweza mutu n'kuvomera yekha, ndi mphamvu zake zonse. Mawu ake anaphonya pang'ono. Mtsikana wa pambali pake anaseka, n'kulowa kuti amukonze. Enanso analowa. Amayi analandira, abambo anatola kwa amayi, ndipo nyimbo inayenda kumka kumbuyo mpaka kwa okalamba otsamira ndodo.

Mzere wachiwiri unabwera, wachitatunso. Anthu anayamba kuchita chinthu chimene sanachitepo kale. Mzere ukatha, onse amakhala zii, kuti apatsogolo amve kunong'ona kuja. Ngakhale ana analetsana phokoso. Kenaka msewu wonse umaphulika ndi kuvomera.

Anadutsa pakona, anadutsa pachitsime. Dzuwa linakwera. Seeli ankagwira chitini kawirikawiri, koma chinali chozizira, ndipo mawu sanadukize. Atacheuka anaona Ponraj akukankha ngolo yake yosayatsa, kukamwa kuli yasa, akuyimba koposa onse.

Atabwerera pabwalo la tchalitchi, amayi anagawa chambiko chozizira m'makapu. Ponraj anafika akupukuta thukuta.

"Injiniya, nkhuku ija sinakatole," anatero. "Koma iwe usadzayimbenso wekha, chonde. Mwana wina analira."

"Inu achimwene mwakankha ngolo yopanda ntchito mzinda wonse. Bulu wa lero munali inu."

A Gnanadurai anaseka mopanda mawu, mapewa okha akugwedera. Kenaka anagogoda chitini ndi chala, nafunsa chimene chinali m'katimo. Seeli anawauza zimene ananena a Bhai, kuti ndi kamwala kochokera ku mchenga.

Bambowo anazimitsa chitini, namukokera mwana wawo pafupi, kuti amve iye yekha.

"Tsiku ngati lalero Ambuye anauza owadzudzula kuti anthu akatseka pakamwa, miyala iyamba kufuula. Ine ndinkayesa n'kuopseza chabe. Kani linali lonjezo."

6. Mlendo pachipata

Anthu ali m'kati mobalalika, mayi wina anaima pachipata osalowa. Pamphumi pake panali phulusa la kukachisi wa Chihindu. Anali atatsatira ulendowo kuchokera kuchitsime, ndipo maso ake sanachoke pa chitini.

"Pepani, ndani anapanga ichi?" anafunsa.

A Packiam analoza Seeli.

"Ine ndine Sankarammal. Amuna anga ndi kondakitala wa basi. Anawachita opaleshoni yomweyi, chipsera chake n'chimodzimodzi. Kondakitala wosatha kuitana masiteji ndi wa ntchito yanji? Lachiwiri m'mawa akaonekera kwa mabwana awo. Akapanda kumveka, ntchito yatha, ndipo tili ndi ana atatu. Mwana wanga, sungatipangireko?"

Seeli anapisa dzanja m'thumba la siketi. Kathabwa kachitatu kaja kanali momwemo, kokha, ndipo sitolo ya a Bhai inali yotseka. M'basi muli chiphokoso cha injini, mulibe kwaya yovomera. Kunyumba mabuku a mayeso a Lolemba anali pa tebulo, osatsegulidwa kuyambira Lachinayi.

Anayang'ana mayi ake. A Packiam anali atapinda kale manja pachifuwa.

"Amma," anatero Seeli, "tingawapatseko kaye chambiko? Ayenda nafe padzuwa."

A Packiam anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatenga kapu, naidzaza mpaka m'milomo.

"Lowani, mayi, mukhale pamthunzi," anatero. "Koma iwe Seeli, nkhani iyi sinathe. Tikambirana kunyumba, mabuku ali patebulo."

Inu owerenga, Ambuye akudalitseni pamene mukutseka tsamba lino. Akupatseni makutu onse awiri pomvera akulu, ndi miyendo yobwerera pamene mwalakwa. Ndipo pafupi nanu pakamveka liwu lofooka, akupatseni mtima wolilandira ndi kulipereka kwa akumbuyo. Mtendere wake ukhale nanu. Amen.